Diso la Siginala

Pa doko lina ku Senga Bay pali lamulo limene palibe analilemba, koma ngakhale nkhuku zimalidziwa: mkazi salumpha chilimira. Asodzi akayanika ukonde wawo waukuluwo pamchenga kuti ausoke, mkazi amazungulira, kaya wasenza ndowa, kaya mchenga ukumuotcha mapazi. Amati akangoulumpha, usipa umauthawa ukondewo mpaka mwini wake atausambitsa ndi mankhwala. Hajara anabadwira pompo, ndipo lamulolo ankalisunga ngati wina aliyense. Sanali mkazi wamakani ayi. Anali wachete, uja woti amuna ake akamayankhula pagulu amangoyang'ana pansi.

Amuna akewo, bambo a mwana wake Tadala, anali Che Abbas, siginala wa boti la a Lodwick. Siginala ndiye munthu amene amatsogola pa kabwato ndi nyali kukasaka usipa, n'kuuza anzake poponya ukonde. Alibe boti, alibe ukonde, alibe injini. Chuma chake chonse ndi maso. Ndipo maso a Abbas anali otchuka mpaka ku Lifuwu. Ankati amaona kathwanithwani ka usipa pansi pa madzi anzake akungoona mdima. Iyenso ankadzidziwa, munthu uja, moti akamayenda pa doko ankachita ngati mchenga wonsewo anagula yekha.

Hajara ankagwira ntchito pa kampani ina yoweta chambo m'maiwe, cha ku Lifuwu komweko. Ankadyetsa nsomba, kusenza matumba a chakudya chake, ndi kuthandiza potumiza ana a nsomba kutali m'mathanki. M'mathankimo amapoperamo mpweya wa okosijeni kuti tinsombato tisafe panjira, ndipo pali tizida tina, amati masensa, timene timayeza ngati mpweyawo ukukwana. Kuoneka kwake ngati kachitini ka polishi wa nsapato, kakang'ono koma kolemera. Kakatha mphamvu amakachotsa n'kukatsekera mu mgolo wa loko.

Amene ankayang'anira zimenezi anali a Nancy, mayi wa ku Mulanje wosadziwa kunong'ona. Tsiku lina anasonkhanitsa antchito onse, n'kuvala magolovesi ndi magalasi, n'kutenga sensa imodzi imene inkadontha. Anati mkati mwake muli mtovu, komanso timadzi toyera ngati madzi akumwa. Anati timadzito si asidi ayi, ndi msuweni wa chidulo, koma chidulo cholusa, choti chikagwera pakhungu chimayamba chaterera ngati sopo, munthu n'kumati palibe kanthu, pamene chikudya nyama chamkati. Anthu anangoti ee, ee, monga timachitira pamsonkhano. Ndiye a Nancy anatenga chambo chakufa n'kudonthezera kadontho kamodzi m'diso mwake. Asanamalize n'komwe kufotokoza, diso lakuda lija linali litayera mbee, ngati la nsomba yophika.

Hajara sanadye bwino tsiku limenelo. Ndipo mawu amene a Nancy anamaliza nawo anamukhala m'mutu.

"Zikakugwerani m'maso musapake kanthu, musatikite, musathamangire kaye kuchipatala. Madzi. Thirani mpaka manja atope, akatopa mupitirize."

Tsono pa doko panabwera munthu wina wogula ndi kugulitsa zitsulo zakutha, atanyamula kathumba ka masensa akufa. Kumene anawatola, Mulungu yekha ndiye adziwa. Iye ankangolalikira kuti mkati muli mtovu weniweni. Inu, mtovu kwa msodzi ndi ndiwo. Amaumangirira ku ukonde ndi ku mbedza kuti zimire, ndipo wa m'sitolo ndi wodula. Asodzi anagwera kathumbako ngati ntchentche. Abbas anasinthanitsa masensa angapo ndi mbale ya usipa, n'kukawabisa pansi pa bwato lake. Sanamuuze mkazi wake. Ankadziwa kuti ayamba zija za "a Nancy anati," ndipo iye, siginala wathunthu, analibe nthawi yomva zimene a Nancy anati. Safunsa anadya phula.

Linali Lachisanu, dzuwa litakwera, tsiku limene Hajara sapita kuntchito. Anali pa thandala loyanikira nsomba ndi amayi anzake akutembenuza usipa. Amuna anali atayala chilimira cha a Lodwick pamchenga, kuyambira pa mtengo wa mkuyu mpaka kukafika pa miyala, akumalizitsa kusoka kuti asambe apite ku mzikiti ku mapemphero a Juma. Abbas anali tsidya lina la ukondewo, pafupi ndi madzi, atakhala pamwala ndi hamala ndi msomali waukulu.

Hajara anamva kugogoda, kenako anamva kukuwa. Sanazindikire msanga kuti ndi amuna ake, chifukwa chikwatirane anali asanawamvepo akulira chotero. Atatukula mutu anawaona akugubuduka pamchenga, manja onse awiri ali kudiso lakumanja. Ndipo pamwala paja, kachitini kong'ambika pakati kankanyezimira padzuwa. Anakazindikira ali patali pomwepo. M'mutu mwake munabwera diso la chambo lija.

Kuti azungulire ukonde, ankayenera kutsika mpaka ku mkuyu kapena kukwera mpaka ku miyala. Anayang'ana uku, anayang'ana uku. Kenako anakwinya chitenje n'kudutsa pakati penipeni, liwiro la mtondo wadooka. Sanalumphe kokha ayi, anaponda. Anaponda zoyandamitsa, anaponda zingwe, anakodwa phazi, anagwa ndi bondo, anadzuka. Osoka ukonde anangoti kukamwa yasa, singano zili m'manja. A Lodwick, bambo wamkulu thupi wochokera ku Nkhata Bay, anakuwa kuti mkaziyu wawapha, wawalodza masanasana.

Pamene ankafika, anthu anali atamuzungulira kale Abbas, aliyense ndi nzeru zake. Mayi wina woyamwitsa ankamasula bulauzi kuti amkamire mkaka m'diso. Wina ankati amuuzire. Koma asodzi ankadziona kuti ndiwo akudziwa, poti nyali zawo zimayendera mabatire, ndipo asidi wa batire wawaotchapo kangapo. Mankhwala ake amawadziwa: soda. Wina anali atathamangira kale ku okala ya pafupi, ndipo a Lodwick, mkwiyo wa ukonde uli pakhosi, anasungunula sodayo m'kapu ndi chala n'kugwada kuti amuthire.

Hajara anaimenya kapuyo. Inauluka n'kukagwera pamadzi.

Mkazi kumenya kapu m'manja mwa mwini boti, bwana wa amuna ake, pamaso pa anthu onse! Koma mawu a Hajara anatuluka okha.

"Si asidi uyu, bambo. Ndi chidulo. Mukathira soda mwawonjezera moto."

Sanadikire yankho. Anagwira Abbas pakolala ya malaya, pamene panali ponyowa ndi poterera, n'kumukoka. Munthu wosenza matumba a chakudya cha nsomba tsiku ndi tsiku musamamuyese. Anamukhwekhwereza mpaka madzi anafika m'chiuno, anamupotokola manja kuwachotsa kumaso, n'kumuviika mutu, chubwi. Abbas anavuuka akutsokomola, akutukwana, akuti mkaziyu wapenga, amusiye, akufuna kutikita. Hajara anamuuza kuti atsegule diso m'madzimo. Iye anati silikutseguka. Ndiye anamutsegula ndi zala n'kumuviikanso.

Kumtunda kunali chipwirikiti. Ena ankati akummiza, ena ankati amulanditse mwamunayo, ena ankangoseka poti sanaonepo siginala wonyada uja akuviikidwa ngati chovala chochapa. Asodzi awiri analowa m'madzi kuti amuchotse. Hajara anawatembenukira, ndipo sindidziwa chimene anaona pankhope pake, koma anaima pomwepo madzi ali m'mawondo. Anawalamula kuti amuvule Abbas malayawo n'kuwataya kutali, ndipo anthu akuluakulu aja anamvera ngati ana a sukulu.

Koma madzi a m'mphepete anali atavunduka, mchenga wokhawokha. Hajara anadziwa kuti pakufunika madzi oyera, othira mosalekeza. Anakweza maso n'kuona mzikiti, ndi mabirika apulasitiki atandandalikidwa pakhonde, odzadza kale ndi madzi a pa mjigo, kudikira amuna kuti adzatawaze, kusamba kuja kochita asanapemphere. Anakuwira amayi a pa thandala kuti abweretse mabirikawo. Amayiwo anayang'anizana. Kutenga mabirika a Juma, azana yoitanira anthu ku mapemphero ili pafupi? Anali a Shehe eni ake, mkulu wowonda wa ndevu zoyera, amene anathetsa nkhaniyo. Anatsika pakhonde atanyamula awiri m'manja, n'kunena kuti amuna akatawaze kunyanja, madzi ndi ambiri kumeneko, koma diso la munthu silimera kawiri.

Anamugoneka Abbas chammbali pamchenga wonyowa, mutu uli pamwendo pa mkazi wake, diso lopsalo lili pansi kuti madzi asayenderere kulowa m'linzake. Hajara anakanula zikope ndi zala ziwiri n'kuyamba kuthira, kamtsinje kakang'ono kosaduka, kuchokera cha kumphuno. Birika ikatha, ina inali kale m'manja mwake. Amayi anapanga mzere mpaka ku mjigo, wina akupopa, ena akupatsirana. Mayi woyamwitsa uja ndiye ankapopa, mwana akudumphadumpha kumsana.

Azana inamveka. Amuna anatawaza kunyanja n'kulowa mu mzikiti. Hajara ankathirabe. Abbas anasiya kutukwana n'kuyamba kuchonderera. Anati zakwana, amake Tadala, ululu wachepa, mundisiye ndipume. Anthu otsala nawonso anati inde zakwana, munthu angafe ndi kuzizira. Apa ndiye panali povuta kuposa kumenya kapu kuja, chifukwa mwamuna wake ankamupempha mwaulemu, ndi mawu ofooka, ndipo mtima wake unkafuna kumumvera. Mkono unali utachita dzanzi mpaka paphewa. Dzanja lamanja, limene anagwira nalo kolala, linkanyerenyetsa ngati wagwira tsabola. Analiviika kamodzi mu ndowa n'kupitiriza.

"Bambo a Tadala, mundikwiyire mawa. Lero mukhala pompano."

Amuna anatuluka mu mzikiti akumupeza akuthirabe.

Galimoto yonyamula usipa inali itatsala pang'ono kunyamuka kupita ku Salima. Anakweza Abbas kumbuyo pakati pa matumba, ndi zigubu ziwiri za madzi ndi birika imodzi. Msewu wonse Hajara ankathira, galimoto ikudumpha, madzi ena akupita m'diso, ena m'khutu, ena pa usipa wa eni ake. Mwini usipayo anayamba kudandaula, koma atayang'ana diso lija anatseka pakamwa n'kugwirira chigubu.

Kuchipatala cha pa boma anawalandira mwachangu. Dokotala wa maso, mayi wa magalasi, anagunditsa kapepala m'mphepete mwa diso, kapepalako n'kusintha mtundu. Anati mankhwala akadalimo pang'ono, ndipo anapachika botolo la madzi a diripi n'kupitiriza ntchito yomwe ija. Anafunsa kuti anayamba liti kutsuka, ndipo anathiramo chiyani china. Atamva kuti madzi okha, kuyambira pomwepo, anamuyang'ana Hajara nthawi yaitali n'kugwedeza mutu. Koma sanalonjeze kanthu. Anati mankhwala amtunduwu ndi achinyengo, diso limatha kuoneka bwino lero n'kudzayera pakapita masiku. Anathira mankhwala, anaphimba ndi thonje, n'kumugoneka Abbas m'chipatala.

Masiku amenewo anali owawa, ndisakunamizeni. Hajara ankagona pakhonde la chipatala ndi odikirira odwala anzake, ndipo akapita kunyumba kukaona mwana ankakumana ndi nkhani. Boti la a Lodwick linkapita ndi siginala wobwereka n'kumabwerako ndi usipa wosadzadza ndi beseni lomwe. Pa doko sanavutike kufufuza chifukwa. Si uja anaponda ukonde? Amayi ena amene anapatsirana naye mabirika anayamba kumulambalala pa mjigo. A Lodwick anatumiza uthenga woti akapepese pamaso pa asodzi, ndiponso apeze munthu wodzasambitsa chilimiracho. Anawonjezera kuti ngati diso lafa, iwo siginala wa diso limodzi alibe naye ntchito. Hajara analira tsiku limenelo, kulira kwenikweni, ali yekha kuseri kwa bafa. Ankaopa. Ankadzifunsa kuti kodi diso likayera ndithu, adzanena chiyani kwa anthu amene ankati soda ikanathandiza.

Dzanja lake nalo linali litatuluka matuza kuseri kwa zala ndi pamfundo, pamene madzi a pakolala paja anakhalitsa. Namwino wina anamupaka mankhwala, koma Hajara sanamuuze Abbas. Akamamupatsa chakudya ankaimira mbali ya diso lophimbalo, dzanja atalikulunga m'nsonga ya chitenje.

A Nancy atamva anabwera pa doko ndi ndowa yachivundikiro ndi magolovesi. Anayenda bwato ndi bwato, mawu ali pamwamba monga mwa masiku onse, kufunsa amene ali ndi tizitini tija. Poyamba aliyense anakana. Atanena kuti chabwino, asunge, koma adziwe kuti si aliyense ali ndi mkazi ngati Hajara, tizitinito tinayamba kutuluka m'matumba, pansi pa mabwato, kena mpaka m'thumba la buluku.

Tsiku loyeza linafika. Dokotala anachotsa thonje, anapukuta, anaunika ndi katochi kake. Kenako anaphimba diso lamanzere labwinolo ndi kambale ka pulasitiki, n'kuloza chikwangwani cha zilembo pakhoma. Hajara anaima kutali, pafupi ndi chitseko. Diso linali lofiira, likuchucha misozi. Koma pakati pake panali pakuda. Sipanayere.

Dokotala anafunsa kuti akuona chiyani. Abbas anaphethira, anaphethiranso. Anatembenuza mutu kuchoka pa chikwangwani, ngati kuwala kukumupweteka. Hajara anagwira chitseko, n'kuiwala za chitenje chija.

"Amake Tadala," anatero Abbas, "dzanja lanulo latani?"

Hajara anayang'ana dzanja lake. Matuzawo anali ataphwa kale, panangotsala timabala ting'onoting'ono ngati njere za mpunga. Ndipo iye anali kutsidya kwa chipinda.

Dokotala ndiye anayamba kuseka. Anati munthu amene waona zimenezo ali apo, chikwangwani chawo angochiwerenga mwaulemu basi. Abbas anachiwerengadi, mpaka mzere wachiwiri kuchokera pansi. Hajara sanamve n'komwe. Anali atakhala pansi pa simenti, akuti Alhamdulillah, Alhamdulillah, akuseka ndi kulira nthawi imodzi, odwala a pakhonde akusuzumira kuti kwagwanji. Abbas anadzuka pampando, anagwada pomwepo, anatenga dzanja lija n'kuliyang'anitsitsa ndi maso onse awiri.

Anakhala kunyumba milungu ingapo akuthira mankhwala, atavala magalasi akuda ngati woimba. Dokotala atamulola kubwerera panyanja, a Lodwick anabwera okha kudzamutenga, poti usipa unali utawakana ndithu. Anayamba ndi nkhani ya kusambitsa ukonde ija. Abbas anawadula. Anati ukonde umenewo ndi njira imene diso lake linadzera, ndipo akausambitsa akasake siginala wina. Anatinso za kupepesa aiwale, pokhapokha ngati iwo ndi amene akufuna kupepesa chifukwa cha soda. A Lodwick anakanda m'mutu, anang'ung'udza m'Chitonga, n'kuvomera. Njala ilibe mwambo.

M'mawa mwake Hajara anali pa thandala ndi amayi ena boti likutulukira. Linkabwera pang'onopang'ono, injini ikulira movutika, ndipo amene amadziwa anayamba kuimirira. Linali litamira mpaka m'milomo. Asodzi anali atakhala pamwamba pa usipa, mapazi osaoneka, akuimba ndi kumenya m'mbali mwa boti. Abbas anali kutsogolo, atanyamula nyali yozima m'mwamba ngati chikho cha mpira. Nthungululu inayambira kwa mayi woyamwitsa uja n'kufalikira doko lonse. Amene ankamulambalala Hajara pa mjigo ndiwo anali oyamba kumukumbatira, monga mudziwa anthufe.

Usipa utatsitsidwa, anayala chilimira pamchenga, kuyambira pa mkuyu mpaka ku miyala. Hajara anasenza ndowa yake yodzadza n'kuyamba kulowera ku mkuyu kuti azungulire, monga anachitira moyo wake wonse. A Lodwick anamuitana, anthu onse akumva.

"Mlamu! Mukupita kuti uko? Tadzerani pompa. Mupondenso pang'ono, cha pakatipa."

Doko lonse linafa ndi phwete. Hajara anaima, ndowa ili pamutu, n'kuyang'ana amuna ake. Abbas anavula magalasi akuda aja n'kumuyang'ana, diso lakumanja likadali lofiirira pang'ono m'mphepete, koma lakuda bwino pakati.

"Dutsani, amake Tadala," anatero. "Ndikufuna ndikuoneni bwino. Tsiku lija sindinaone."

Hajara anakonza nkhata, anakweza chitenje pang'ono, n'kudutsa pakati pa ukondewo osathamanga.